Tiyirumu ya Amayi ku Balaka

Loko anabwera naye ndi achimwene kuchokera ku Nsanama, watsopano, makiyi ake akadali pa kawaya. Anamuika pa tebulo n'kukhala pansi ngati munthu wodzanena maliro. Achimwene ndiwo eni mbumba kwathu, ndipo akabwera okha chonchi osayamba aimba foni, ndimadziwiratu kuti nkhani aigamula kale ali m'minibasi.

"Chemwali," anatero, "ine sindinabwerere mkangano. Mukamachoka pakhomo, amayi muziwatsekera m'chipinda. Apo ayi, anthu atiphera mayiwa ife tikuyang'ana."

Ankanena zoona, ndipo palibe chimene chimandipsetsa mtima ngati achimwene akamanena zoona. Amayi anali atayamba kuiwala. Zinayamba pang'onopang'ono, kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kusokoneza mayina a adzukulu, mpaka tsiku lina anandipatsa moni ngati mlendo. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba, mankhwala ake kulibe, tizingowasamalira. Wowasamalirayo ndiye ine, poti ndine mwana wamkazi ndipo ndimakhala nawo pa Ulongwe, chapafupi ndi msewu wa tala. Kuiwalako ndikanapirira. Chimene chinandifoola ndi kuyenda. Kukangocha, amayi ankamanga nsalu, kutenga ketulo yathu n'kuuyamba ulendo. Ukawaimitsa ankayankha mwaulemu kwambiri: "Ndisiyeni mayi, ndachedwa ku tiyirumu. Sitima yatsala pang'ono kufika."

Tiyirumu imeneyo inali ku Balaka ine ndili khanda. Bambo ankagwira ntchito ya njanji, amayi n'kumagulitsa tiyi kwa anthu a pa sitima. Zinthu za kalekale, zoti ngakhale iwowo ali bwinobwino sankakonda kuzikamba.

Kangapo konse ndinawapeza m'mbali mwa msewu, malole akudutsa mochita kuwapepesula nsalu. Koma chimene chinabweretsa lokoyo ndi cha tsiku lina pamene anatuluka kusanayere bwino n'kulowera njira ya m'midzi. Anakapezeka kuseri kwa khola la mbuzi la anthu osatidziwa, nsalu itamasuka, ketulo ili m'manja. Zimene anthu amanena akapeza gogo pamalo otero m'mamawa mukuzidziwa. Anati agwa pa ndege ya ufiti. Mayi wina wa m'mphakati mwathu, amene amapita kumeneko kukapikula tomato, ndiye anawazindikira n'kuwaimirira kutsogolo. Anandiuza kuti anyamata ena anali atatola kale miyala. Amayi anga, amene anaimba kwaya mpaka mawu kuwathera, akhale mfiti lero. Koma abale.

Ngakhale zinali choncho, loko ndinamukana. Chipinda cha amayi chili ndi kawindo kamodzi, denga lake la malata, ndipo kutentha kwa kuno m'chilimwe si kwamasewera. Komanso ndili mtsikana panali mayi wina pamudzi pathu amene ana ake ankamutsekera chotero. Ankagogoda chitseko tsiku lonse mpaka tonse tinazolowera, n'kumasewera fulaye pabwalo iye akugogoda. Sindinafune kuti adzukulu anga azolowere kugogoda kwa amayi.

"Ndipatseni mpata, achimwene," ndinatero. "Ndikawaonetse malowo. Akakaona ndi maso awo kuti tiyirumu kulibe, mwina mtima ukhala pansi."

Anapukusa mutu. "Munthu waiwala mwana wobereka yekha, akakumbukira malo? Chabwino. Ndikagulitsa nandolo ndibweranso. Ndikadzapeza zili chomwechi, ndidzakhoma ndekha." Loko anamusiya pa tebulo pompo.

Zinali nzeru za munthu wotopa, koma zina ndinalibe. Vuto linali lakuti malowo sindinkawadziwa. Tinachoka ku Balaka ndisanayambe kuyankhula bwino, ndipo achimwene nthawi imeneyo ankaleredwa kwa azakhali ku Utale. Chimene ndinali nacho ndi zithunzi zakale za m'sutikesi ya amayi, zofiirira, m'makona mutadyeka ndi mphemvu. Pa china bambo aima ndi njinga pafupi ndi basi ya mphuno yaitali. China ndi msewu wafumbi wa masitolo a makonde mbali zonse. Cha amayi ndiye chimene ndinachigwira ndi manja awiri. Ali mtsikana wowonda, duku lomanga bwino, ketulo yaikulu m'manja, aima pa khomo la zitseko ziwiri, pa khonde la zipilala, chipilala chimodzi chili ndi mng'alu. Kumbuyo, chakumanja, kukuoneka thanki ya madzi ya miyendo italiitali. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti imeneyo ndiyo tiyirumu yathu. Ndili pa sukulu ndinkachita kunyadira kwa anzanga kuti amayi anga anali ndi nyumba ya njerwa ya zitseko ziwiri m'tauni.

Ndinasiya amayi m'manja mwa mayi wa tomato uja n'kupita ndekha kukafufuza. Ku Balaka ndimapitako nthawi ndi nthawi, koma kuyendamo ndi chithunzi chakale m'manja ndi nkhani ina. Dzuwa la kumeneko silinyengerera munthu. Phazi langa lamanzere lili ndi chipsera chachikulu cha moto, ndinapsa ndili khanda, ndipo khungu lake n'lokokeka moti ndikayenda kwambiri limayamba kuwawa. Tsiku limenelo ndinaona zakuda.

Anyamata a kabaza amene ndinayamba kuwaonetsa anangopatsirana chithunzicho akuseka. "Mayi, imeneyi ndi Balaka yake iti?" Wina anati ndi ku Zomba. Ndinawasiya n'kuyamba kusaka imvi. Pa khonde lina ndinapeza telala wachikulire, magalasi ake atamanga ndi ulusi, ndipo pambali pake panali mnzake wokonza njinga. Telala anayang'ana kamodzi kokha.

"Apa panali bekale. Fungo la buledi tinkalimva tili ku siteshoni."

"Bodza," anatero wa njinga. "Butchala iyi. Ine ndinkatumidwa nyama pamenepa."

Anakangana mpaka kundiiwala, nkhani n'kufika pa munthu amene anayamba kugula lole m'tauni muno. Nditawabweza ku thanki ya madzi ija, wina anati inali ya njanji, wina anati inali ya fakitale ya thonje. Chimene anagwirizana n'chakuti mathanki onsewo anagwetsedwa kalekale. Pomaliza telala anandilozera njira ndi sizasi yake.

"Mupite mpaka pamene panali depoti yakale. Mukhotere kumanja pamene panali chigayo cha dizilo. Mukafika pamene panali mlambe, mwafika."

Ndinawafunsa kuti nanga pa zonsezi chimene chilipo lero n'chiti. Anaganiza kaye ndithu.

"Njanji," anatero.

Zithunzi zina zija sizinavute kwenikweni. Pamene bambo anaima ndi njinga pali anthu a kaunjika tsopano, basi siimanso pamenepo. Msewu wa makonde uja ulipo, koma makonde ambiri anawatseka ndi njerwa n'kupangamo timashopu ta mafoni ndi mayunitsi, penti wake wowala moboola m'maso. Ndinayenda khomo ndi khomo kusuzumira zipilala ngati wofuna kuba. Khomo la amayi sindinalipeze. Ndinabwerera kunyumba ndikutsimphina, n'kupeza mayi wa tomato ali thukuta kamukamu, akuti wawabweza pa msewu kawiri konse ndipo mawa sangathenso.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Zomba anati ndikudzivutitsa chabe, zinthu masiku ano ndi pa foni. Anatenga chithunzicho n'kuchiponya pa gulu la anthu obadwira ku Balaka, ine n'kundilowetsamonso. Mayo ine, foni yanga sinapumenso. Wina ali ku Joni, wina ali ku Lilongwe, aliyense katswiri. Uyu akuti inali sitolo ya mmwenye ya nsalu, uyo akuti panali positi ofesi yoyamba, winanso akuti ankaonetsamo kanema. Azibambo awiri anatsala pang'ono kutukwanana pa nkhani yoti resitihausi inali kutsogolo kapena kuseri kwa msika, chinthu chimene ine sindinafunse n'komwe. Ena anangoyamba kulira mabasi akale, zitumbuwa za pa siteshoni, ndi madzi amene ankatuluka m'mipopi. Ine ndinkawerenga ndi diso limodzi, linalo lili pa amayi. Kumunda ndinasiya kupita. Ngakhale kubafa ndinkasamba chitseko chili chotsekula.

Kenako bambo wina anaponya chithunzi cha malemu bambo ake, ataima ndi njinga pa khomo lomwelo la zitseko ziwiri. Analemba kuti imeneyo inali shopu yawo ya njinga, anthu asiye kunama. Mayi wina anayankha ndi chithunzi cha amayi ake atakhala pa makina osokera, khomo lomwelo, mng'alu womwewo pa chipilala. Zitatero zinangokhuthuka. Panabwera a ukwati, panabwera mwana wobatizidwa kumene, panabwera msilikali. Wailesi imodzi yomweyo ya chogwirira chomanga ndi waya ndinaiona m'manja mwa azibambo osiyanasiyana, ndipo ana awo onse akulumbira kuti inali ya m'nyumba mwawo. Ndinapsa mtima ngati andibera. Nyumba ya amayi anga anthu onsewa akuifuniranji?

M'kati mwa phokosolo mtsikana wina anandilembera pandekha. Anati agogo ake ankagulitsa tiyi pa siteshoni masiku amenewo, alipo, amakhala kuseri kwa msika chakufupi ndi mzikiti. Ndinapempha mwana wanga kuti abwere Loweruka adzandikhalire ndi amayi, ine n'kubwereranso ku Balaka.

Agogowo ndinawapeza atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa nimu, akusankha mpunga. Anali gogo wachiyao, miyendo itafa koma mutu uli gwa. Ndinene zoona, ndinachita nsanje. Amayi anga miyendo ngati ya mtsikana, mutu ndiye kulibe. Awa mutu wonse ulipo, miyendo ndiye kulibe. Ndinaganiza kuti Mulungu akanangowagawira pakati, tonse tikanapuma.

"Ajimwiche uli, anganga?" ndinatero ndi Chiyao changa chothyokathyoka. Anandimvera chisoni n'kundiyankha m'Chichewa. Nditawapatsa chithunzi anachitalikitsa ndi maso, kenako n'kuchiyandikitsa.

"Aaa, uyu si mkazi wa mnyamata wa njanji uja? Ankaimba nyimbo za ku tchalitchi potsuka makapu mpaka ife Asilamu tinaziloweza. Alipo?"

Ndinati alipo, n'kuwafotokozera za kuiwala, za ketulo, za miyala, ndi za loko. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndikufuna andiuze pamene panali tiyirumu ya m'chithunziyi. Anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Inu mukuti iyi ndi tiyirumu? Mwana wanga, ife tiyirumu ya zitseko tikanaipeza kuti? Ili ndi khomo la wojambula. Tonse tinajambulitsa pamenepa."

Anandifotokozera bwinobwino. Nyumbayo inali sitolo imene eni ake anatseka n'kusamuka, ndipo inakhala yotseka zaka zambiri. Wojambula ankabwera pa sitima anthu akalandira malipiro, n'kumaimika aliyense pa khomo limenelo chifukwa khoma lake linali la laimu ndipo dzuwa la m'mawa linkagwa bwino pamenepo. Wokhala ndi ntchito ankanyamula chida chake kupita nacho. Telala ankasenza makina, wa tiyi ankatsuka ketulo ndi phulusa mpaka iwale. Wopanda kanthu ankabwereka wailesi ya wojambulayo. Zithunzizo zinali zotumiza kumudzi, kuti abale aone kuti m'tauni zikuyenda.

"Ndani akanatumiza kwa apongozi chithunzi ali mu utsi, maso ali psuu?" anatero. "Tiyirumu zathu zinali zisakasa. Mitengo, udzu, benchi, mafuwa, basi. Mvula ikatha tinkamanganso, mwina pomwepo, mwina kusuntha pang'ono akatithamangitsa a njanji."

"Nanga malo ake, anganga?"

"Kuseri kwa shedi ya katundu, pafupi ndi njanji. Shediyo kulibe. Akuti pano pali mpanda wa njerwa, pamaima malole. Mukapezapo chiyani? Ngakhale ineyo mutandinyamula sindingaloze."

Anandiuzanso pamene pali khomo la wojambula lija, ndipo popita kukakwera minibasi ndinalipeza. Ndinali nditadutsapo kale osalizindikira. Zitseko ziwiri anazichotsa n'kuika chachitsulo, m'katimo mnyamata akugulitsa makava a mafoni. Chipilala anachipaka penti wobiriwira, koma mng'alu uja ukuonekabe pansi pa pentiyo. Ndinaugwira ndi chala. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera kumva. Ndinangomva kutopa, ndi manyazi pang'ono pokumbukira kunyada kwanga kwa pa sukulu kuja.

Nandolo anali atayamba kugulidwa m'misika, ndiye ndinadziwa kuti achimwene ali pafupi. Ndinati zivute zitani amayi ndipita nawo, ngakhale kukawaonetsa mpanda wa njerwa. Nditawauza kuti tikupita ku Balaka anasamba okha, chinthu chimene masiku ena timachita kulimbirana. Anamanga duku ngati la m'chithunzi lija n'kunyamula ketulo. M'minibasi anapatsa moni aliyense, mpaka kondakitala anawasiyira mpando wa pawindo. Pa Liwonde anaona mtsinje n'kuyamba kuimba chapansipansi. Ine mtima unayamba kundinamiza kuti mwina zitheka.

Titatsika ku Balaka chimwemwe chonse chinatha. Njinga zamoto zinawaopsa, anandigwira dzanja molimba mpaka zikhadabo kulowa. Ndinawaimika pa khomo la makava a mafoni lija n'kuwauza kuti apa ndi pamene munajambulitsa. Sanayang'ane n'komwe. Tinayenda mpaka ku njanji, n'kupeza mpanda wa njerwa uja, malole ataima mondondozana, pansi pali mafuta akuda ndi mapepala a pulasitiki. Ndinati, "Amayi, tiyirumu yanu inali apa. Onani, inatha. Palibenso wogula tiyi."

Anayang'ana mpanda, n'kuyang'ana ine.

"Mayi, mwasochera. Kuno si ku Balaka. Ngati njira simukuidziwa ndisiyeni ndipite ndekha."

Anayamba kuyenda motsata njanji, mwamsangamsanga, ine ndikutsimphina pambuyo. Ndinawagwira nsalu n'kuwakokera pa mthunzi wa nimu, tonse n'kukhala pansi pa fumbi. Apo mtima unandithera. Ndinayankhula mokalipa, mawu oti sindinawayankhulepo kwa amayi anga. Ndinati mwatitopetsa, mukufuna akutsekereni ngati mbuzi, mukufuna akugendeni. Ndinatulutsa chithunzi n'kuwakankhira m'manja. "Yang'anani bwino. Thanki iyi inagwa. Nyumba iyi si yanu. Kulibe chilichonse chimene chikukudikirani."

Anachilandira ndi manja awiri. Ndinkayembekezera kuti aloze khomo, kapena thanki, kapena ketulo. Chala chawo chinapita m'chiuno mwa mtsikana wa m'chithunziyo, pansi pa chigongono, n'kuima pamenepo. Ndinawerama kuti ndione. Panali kaphazi ka mwana, kakutulukira m'nsalu. Mtsikanayo anali atabereka mwana kumbuyo, ndipo mfundo ya nsaluyo inkaoneka poyera pachifuwa pake. Chithunzi chimenechi ndinachiyang'ana kuyambira ndili mwana, gulu lonse la pa foni linachikulitsa mpaka kuwerenga malata a padenga, koma kaphaziko palibe anakatchula.

"Uyu ndiye akundidikira," anatero amayi. "Ndamugoneka pa thumba pansi pa benchi. Sitima ikafika ndimathamangira ku mawindo ndi ketulo, iye amatsala yekha. Wayamba kukwawa, mayi. Akadzuka akwawira ku moto."

Ndinayang'ana phazi langa lamanzere lili mu silipasi, fumbi litamatirira pa chipsera. Kunyumba ankangondiuza kuti unapsa uli khanda, basi, ndipo ine sindinafunsepo zambiri. Kaphazi ka m'chithunziko kanali kosalala.

"Amayi," ndinatero, "mwanayo ndine. Ndinakula. Ndili pano."

Anayang'ana imvi zanga n'kuseka pang'ono mwaulemu. "Musandiseke, mayi. Tiyeni, nthawi yatha."

Ndinalira pamenepo, pa fumbi, madalaivala a malole akutiyang'ana. Amayi anandisisita pa phewa ngati mmene munthu amachitira ndi mlendo wolira m'basi. Kenako tinakwera minibasi kubwerera ku Ulongwe, iwo n'kugona njira yonse.

M'mawa mwake ndinatenga chikwanje. Ndinadula mitengo m'munda, ndinapempha udzu wotsala kwa aneba, ndipo amuna awo a mayi wa tomato anandithandiza kuzika nsanamira. Tinamanga chisakasa kuseri kwa nyumba, mbali yosayang'ana ku msewu. Ndinaikamo benchi, mafuwa, makapu achitsulo, ndi beseni lotsukira. Pansi pa benchi ndinayala thumba, pa thumbapo n'kuikapo nsalu zopindapinda, kufunditsa ndi chitenje. Ndinadziseka ndekha pochita zimenezi, mayi wamkulu wa adzukulu kumanga masanje. Kutacha, amayi atamanga nsalu n'kutenga ketulo, ndinawagwira dzanja. Tinatuluka pa khomo lakutsogolo, kuzungulira nyumba ya aneba, kudutsa m'munda wa chinangwa, n'kutulukira kuseri kwa nyumba yathu yomwe. Ataona chisakasacho anandisiya dzanja n'kuthamanga. Anagwada, n'kusuzumira pansi pa benchi, n'kupumira m'mwamba. Atatero anakoka thumba lija kulitalikitsa ndi mafuwa, n'kuyamba kusonkha moto.

Sindinganame kuti anachira. Masiku ena amakhala m'chisakasamo mpaka dzuwa kupendeka, azimayi a m'mphakati n'kumabwera kudzamwa tiyi mosinthana. Masiku ena amaona kuti pa thumbapo pali nsalu chabe, ndipo tsiku limenelo ndi la kulira ndi kuthamangitsana mpaka ku msewu. Ine sindichokabe pakhomo, chifukwa pali moto. Munda ndinapatsa wina alime.

Achimwene anabwera atagulitsa nandolo, monga ananenera, atanyamula hamala ndi misomali m'chikwama. Anatipeza m'chisakasa. Ndinaona nkhope yawo ikukonzeka kundifunsa kuti misala yanji iyi, koma amayi anawayambirira.

"Khalani pa benchi, bambo, samalani mwana ali pansipo. Wa mkaka kapena wopanda?"

Achimwene anakhala, miyendo ataipinda chammbali kuti asaponde nsalu zija. Anati wopanda. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi moto, ndipo poti phazi linkandiwawa ndinavula silipasi n'kutambasula mwendo. Amayi akubwera ndi kapu anaima. Anapereka tiyiyo kwa achimwene osawayang'ana, n'kugwada pa phazi langa.

"Mayi, munatani apa?"

"Ndinapsa ndili khanda."

"Amayi anu anali kuti?"

Achimwene anaika kapu pa benchi. Ndinati, "Anali pa ntchito. Ankatifunira chakudya."

Amayi anayang'anitsitsa phazilo. Kenako ananyamula phazi langalo n'kuliika pa miyendo yawo, anaviika nsonga ya chitenje m'beseni n'kuyamba kupukuta fumbi pa chipseracho, pang'onopang'ono, ngati chikadali chilonda. Ndinawauza kuti asavutike, chinapola kalekale, sichipweteka.

"Iyayi," anatero, osadzutsa mutu. "Chimapweteka."

Achimwene anatuluka n'kukaima m'munda wa chinangwa, atatifulatira. Atabwerako anamaliza tiyi wawo atazizira, anatsanzika, n'kukakwera minibasi, hamala ndi misomali zili m'chikwama momwemo. Za loko sanatchule, koma sanamutengenso. Ali pawindo la kuchipinda kwanga mpaka lero, makiyi ake akadali pa kawaya. Sindingalumbire kuti sindidzamugwira, chifukwa pali masiku amene ndimamuyang'ana nthawi yaitali. Koma kukacha timazungulirabe nyumba ya aneba ndi ketulo, ndipo amayi akafika amayamba asuzumira pansi pa benchi.